Kafani ka M'tenti Yachisanu

6 Okutobala

Amake Kachitsa,

Moni wambiri. Ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi mwanayo. Amayi anu akudana nalobe dzina la Kachitsa? Auzeni kuti ndidzalisiya mwanayo akadzatalika. Ndalemba kalata chifukwa foni ndi ya amayi anu, ndipo mukamalankhula nane iwo amapeza chochita pafupi pomwepo. Kalatayi akupatsani adalaivala a thiraki aja, yankho muziwapatsanso iwowo.

Chifuwa cha mwana chija chikundisowetsa mtendere. Mbaula isalowe m'nyumba ngakhale kugwe mvula. M'mawa muzitsegula zenera la kuchipinda ndi chitseko chomwe. Zenera lokha silithandiza, mpweya umafuna polowera ndi potulukira. Sindikunena zam'mutu ayi, ndiyo ntchito yanga tsopano.

Munafunsa kuti ntchito anandipezera achimwene anu ndi yotani. Ndi ulimi, koma khasu kulibe. Ndi chinyumba chachikulu cha malata chopanda mazenera, m'katimo anaimikamo matenti sikisi. Tenti iliyonse msinkhu wake ngati munthu atakweza mkono, pansi ngati mphasa ziwiri, kunja kwakuda, m'kati monyezimira, yotseka ndi zipi ngati chikwama. Mmenemo muli mathireyi a mbande za tomato ndi tsabola, pamwamba magetsi m'malo mwa dzuwa. Mbande zikakula alimi amabwera kudzagula. Matenti atatu oyamba ndi a achimwene anu poti ndiwo akapitawo, atatu enawo ndi anga.

Kuthirira aliyense angathe. Chovuta ndi mpweya. Pamwamba pa tenti iliyonse pali fani yaikulu yokoka mpweya wotentha n'kuutulutsa m'paipi. Kuseri, pansi penipeni, kuli timazenera ta sefa tolowera mpweya wabwino. M'kati muli timafani tiwiri topana pa zitsulo za tenti. Pali mkulu wina wa zamagetsi wolankhula chathu, ndiye wandiphunzitsa. Akuti kafani kapamwamba kasaloze mbande, zimauma nsonga ngati zawauka. Kapansi kaloze khoma la tenti, mphepo izigunda pamenepo n'kubwerera yofatsa kudutsa pansi pa masamba. Masamba azinjenjemera basi, asagone. Mpweya ukangoima chinyontho chimakhala, chuku chimabwera, mbande zimawola patsinde n'kugwa.

Koma mphepo sioneka. Ndiye ndinasolola ulusi wofiira ku juzi munandilukira ija, mundikhululukire, n'kumangirira tizidutswa m'ngodya zonse zinayi za tenti, kena pa kafani kalikonse kuti tanga tisasokonezeke ndi ta achimwene anu. Ndikatsegula zipi ndimayamba ndayang'ana m'ngodya. Ulusi ukalendewera zii, pamenepo mpweya wafa, ndimasuntha kafani mpaka ugwedezeke. Achimwene anu akuseka, ayamba kunditcha Atelala. Ine ndikuseka nawo, nanga si ndiwo anandibweretsa.

Ndatumiza tinsapato ta mwana. Tikakula musungeko, adzakuliramo.

Ndine bambo ake a Kachitsa.

27 Okutobala

Amake Kachitsa,

Moni. Thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Ndasangalala kumva kuti chifuwa chikuchepa. Musasiye mankhwala pakati poti mwaona akusewera, amalize botolo lonse.

Kuno kwatentha moti malata akulira okha. Lachisanu ndinaweruka matenti anga onse ali bwino. Loweruka ndi Lamulungu sitigwira, amangobwera akapitawo kudzathirira, makiyi amasunga ndi iwo. Lolemba nditatsegula tenti yachisanu ndinalandiridwa ndi fungo ngati la zovala zoiwalika m'beseni. Ulusi wa m'ngodya zapansi uli zii. Mathireyi a tomato, theka lonse mbande zitagona. Kafani kapansi kulibe, pachitsulo pangotsala chipsera cha pamene kanapana.

Abwana athu ndi mayi wa magalasi, sakuwa, koma akakuyang'ana umaweramitsa mutu. Chilankhulo chawo ine ndimangomva bwera, tenga, fulumira. Womasulira ndi achimwene anu. Ndinawapempha kuti awauze kuti kafani kasowa, Lachisanu kanalipo. Analankhula nthawi yaitali, akuseka pang'ono, dzanja lili paphewa panga. Ine n'kumagwedeza mutu ngati mbuzi, ndikuganiza kuti akundiikira kumbuyo. Kenako abwana anatulutsa pepala, ndinasaina.

Masana a zamagetsi aja anandiitanira kuseri. Nthawi yonseyo iwo anali pamakwerero akukonza nyale, anamva zonse. Akuti achimwene anu anati ine ndine wophunzira, ndikathyola chinthu ndimachibisa chifukwa cha mantha, koma andikhululukire ndili ndi mwana wamng'ono. Pepala ndinasainalo ndi chenjezo. Ndinafunsa kuti machenjezo amakhala angati. Anati, “Chenjezo lachiwiri kulibe, mwana wanga. Kuli geti.”

Ndinawapempha kuti tipite limodzi kwa abwana. Anakana, akuti iwo ndi a mawaya, za pachibale salowerera.

Ndiye za kufolera khitchini zija yambani mwaima. Sindikudziwa ngati Khirisimasi indipeza pantchito. Kafani sikauluka kokha, ndipo makiyi sanali ndi ine. Sindinena zambiri.

Ndine yemwe uja.

10 Novembala

Amake Kachitsa,

Moni nonse. Ine ndilipo. Kalata iyi muwerenge muli nokha, mukatha muisunge pamene amayi anu safika.

Kafani kaja ndakapeza. Lamulungu masana ndinapita kukawaona achimwene anu kumene amachita lendi, ndinati mwina tikakhala awiri andiuza zoona. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Ndinawapeza ali chagada pabedi, malaya atavula, mapazi atasanjika pa mpando. Pa mwendo wa mpandowo apanapo kafani, kakuwapepeza kuphazi. Ulusi wofiira wa juzi yanu uli pompo, ukuvina.

Sanadzidzimuke n'komwe. Anandiuza ndikhale pa ndowa. Ndinaloza kafaniko. Iwo anati anangobwereka masiku awiri, samadziwa kuti mbande za masiku ano ndi zofewa chotere, ndipo kubweza tsopano sikungatheke chifukwa abwana anagula kale kena, angafunse kuti aka kachokera kuti. Ndinati nanga pepala ndinasaina lija? Anaseka. “Atelala, pepala silipha. Mbande ndi mbande, munthu ndi munthu. Mukanakhala kuti lero pakanapanda ine?”

Kenako anandituma ndikawagulire madzi ozizira pa shopu. Ndinapita, amake mwana. Ndinapita ndithu, ndinabwera nawo, ndinawatsegulira botolo.

Ine ndikachotsedwa pano mwana adya chiyani? Achipatala aja anati chifuwa chake chizifuna mankhwala nthawi ndi nthawi. Iwo akudziwa zimenezi, ndi amalume ake. Anaika mwana wa mlongo wawo pa sikelo ndi thukuta la kuphazi kwawo, thukuta n'kulemera.

Pantchito sindikuonetsa. Ndikuwapatsa moni, akati Atelala ndikuvomera. Lachisanu lililonse ndikumanga timafani tanga ndi waya pachitsulo, wofuna kuchotsa abwere ndi pulayala. Ndayambanso kuwafunsa a zamagetsi mawu a chilankhulo cha abwana, tsiku lililonse atatu. Ndikudziwa kale fani, mpweya, khoma ndi bodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana akamagona musamufunditse kumutu.

Ndine bambo ake.

24 Novembala

Amake Kachitsa,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga katatu. Mwati chibale n'fupa sichiwola, mwati achimwene anu ndi mmene alili kuyambira ali mwana, ndiwakhululukire. Wokhululukidwa amayamba wapepesa. Tamverani zimene achita sabata ino, mundiuze ngati kumeneku n'kupepesa.

Abwana anaona kuti chichitikireni zija matenti anga mbande zikutuluka zonenepa tsinde kuposa za akapitawo. Anatsegula tenti yachinayi, anaona ulusi m'ngodya, anafunsa. Tsopano ndimamvako pang'ono. Ndinamva achimwene anu akuti ine, ine, akudziguguda pachifuwa. A zamagetsi anandimalizira: akuti nzeru ya ulusi ndi yawo, ndiwo anandiphunzitsa, m'matenti awo sanamange chifukwa diso lawo linazolowera. Abwana anasangalala, anati amange m'matenti onse.

Pali mlimi wamkulu waitanitsa mbande za tsabola zodzaza matenti atatu, adzatenga pa 12 Disembala. Abwana akuti akakhutira adzagula chaka chonse. Ntchito imeneyo apatsa achimwene anu, m'matenti awo.

Ndiye amanga ulusi. Anagula wabuluu mpukutu wathunthu. Mukudziwa pamene amanga? Kutsogolo kwa timafani. Pa mphuno penipeni pa kafani, pamene ngakhale tenti yonse itafa ulusi uzivinabe. M'ngodya mulibe ngakhale kamodzi. Amatsegula zipi, amaona ukupepeluka, amati mpweya uli bwino. Anaba mankhwala, kamwedwe sanafunse.

Ndinaima pakhomo pa tenti yawo yoyamba ndikuyang'ana. Ndikuuzeni zoona, pakamwa panali patayamba kutseguka, poti mbande sizinandilakwire. Iwo anandipeza. Pamaso pa amayi awiri ofesa mbewu m'mathireyi anati, “Atelala, uku n'kwa akuluakulu. Matenti anga musawayandikire, musawakhudze, musawanenere kanthu. Munapha kale anu.” Amayi aja anaseka, wina anabisa nkhope m'nsalu.

Ndinati ndamva, akapitawo. Ndipo ndamvadi.

Nkhuku zija musagulitse zonse, musiyeko zoikira mazira chifukwa cha mwana. Denga la kuchipinda likudontha pati? Bedi mulisunthe, asagone pa chinyontho.

Ndine bambo ake a Kachitsa.

5 Disembala

Amake Kachitsa,

Moni. Ndili bwino. Ndilemba mwachidule, adalaivala akudikira.

A zamagetsi anapita ku tchuthi, abwera sabata yamawa. Lolemba kunabwera lole ya matumba a dothi lofesera. Malo ake ndi kumapeto kwa chinyumbachi, koma achimwene anu anati n'kutali, asanjidwe kuseri kwa matenti awo kuti azitenga pafupi. Wosenza anali ine. Ndinafunsa kamodzi, ndinati pano? Anati pomwepo, kodi ndilankhule chilankhulo chanji. Ndinasanja. Mumandidziwa ine posanja, sindisiya mpata.

Tenti ikakhala bwino, ukatseka zipi makoma ake amalowa m'kati pang'ono chabe. Akalowa kwambiri ndiye kuti fani yaikulu ikukoka koma palibe cholowa. A achimwene anu alowa ngati mimba ya munthu wagona ndi njala masiku atatu. Iwo akuti ndiye kuti fani ili ndi mphamvu. Mbande zikafooka ndi kutentha akuwonjezera madzi.

Ine ndimadutsa ndi keni yanga kupita ku matenti anga. Anati ndisanene kanthu.

Kodi Kachitsa wayamba kuyenda osagwira khoma? Mpeni ndi machesi muziika pamwamba.

Ndine yemwe uja.

14 Disembala

Amake Kachitsa,

Moni kwa inu ndi mwana. Ine ndili bwino, ndadya bwino, ndipo ntchito ilipo. Mwina foni yafika kale kwa amayi anu. Imvani za ine musanamve za wina.

Pa 12 mlimi uja anabwera ndi galimoto yake m'mawa. Achimwene anu anali atadziwa kale kuti zinthu zavuta, masiku awiri anali akuzula zogwa n'kumaponya m'thumba, mathireyi abwinoko n'kuika kutsogolo. Koma chuku sichibisika. Abwana atatsegula zipi yoyamba fungo linatuluka mpaka mlimi anabwerera m'mbuyo. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndiye mbande zinali zitagona zonse, patsinde pakuda, dothi litayera pamwamba. Ulusi wabuluu uli pa timafani, ukuvina bwinobwino. Mlimi anatembenuka, anakwera galimoto yake yopanda kanthu.

A zamagetsi anali atabwera dzulo lake. Anayang'ana makoma a matenti, anazungulira kuseri, anakankha thumba limodzi ndi phazi. Tenti inapuma ngati munthu, tonse tinamva. Timazenera tonse tolowera mpweya tinali titatsekedwa ndi matumba.

Abwana anafunsa kuti anasanja ndani. Achimwene anu anandiloza. Ndinaona geti lija, amake mwana. Anayamba kumasulira okha monga mwa masiku onse, koma abwana anakweza dzanja n'kuitana a zamagetsi kuti amasulire iwo. Ndinati ndinasanja ndine, koma ndinatumidwa, ndinafunsa, ndipo ndinaletsedwa kuyandikira kapena kunena kanthu. Amayi ofesa aja anafunsidwa, anavomera zonse ziwiri. Wobisa nkhope m'nsalu uja ndiye anayamba kuvomera.

Kenako ndinalankhula ndekha, ndi mawu anga ochepa aja. Ndinati fani, tenti faifi, nyumba yake, bodza. Anali mawu opindika koma anafika. Abwana anawatenga achimwene anu pa galimoto mpaka kumene amagona. Anabwerako ndi kafani m'manja, achimwene anu sanabwere nawo. Pepala langa lija analitulutsa mu kabati n'kuling'amba pamaso panga.

Ndinayembekeza tsiku limeneli masabata asanu ndi awiri. Sindikunamizani kuti ndinamva chisoni. Madzulo ake ndinagula nyama ndinadya ndekha.

Dzulo anabwera kudzatenga zovala zawo za ntchito. Anandipeza ndikutsuka matenti awo ndi mankhwala. Anaima nthawi, kenako anati, “Mlamu, wakutsina khutu ndi mnansi.” Ndinayankha kuti ine si mnansi, ndine telala. Sanaseke.

Chimodzi chokha sichinandikomere. Poti mlimi uja wapita, abwana awauza amayi ofesa aja kuti ayambe akhala kunyumba mpaka ntchito idzachuluke. Mmodzi ali ndi ana atatu. Potuluka sananditsanzike.

Kufolera khitchini kuja pitirizani.

Ndine bambo ake a Kachitsa.

4 Januwale

Amake Kachitsa,

Moni. Ine ndili bwino m'thupi. Matenti onse sikisi ali m'manja mwanga tsopano, abwana andipatsa makiyi. Ndafesa tomato m'matenti atatu aja, wamera bwino. Matumba ndinabweza kumalo kwake.

Ndaimba katatu pa foni ya amayi anu, ikungoitana. Adalaivala andiuza kuti achimwene anu anafika Khirisimasi isanakwane, ndipo akuuza aliyense kuti anaweta njoka. Akuti amayi anu sakudya. Kalata yanu ndalandira dzulo. Ndi mizere inayi, ndipo simunalembe za mwana.

Mwafunsa funso limodzi, ngati ndinadziwa. Ndikanatha kunena kuti ndine wosaphunzira, ndinangotumidwa. Abwana ndinawauza choncho ndipo sindinaname. Koma inu munawerenga kalata yanga ya pa 5. Ndinadziwa thumba loyamba lisanafike pansi. Timazenera tija ndinationa, ndipo thumba lina litasiya kampata ndinabwerera kukalikankha ndi bondo. Masiku khumi ndinadutsa pamenepo m'mawa ndi masana ndikuona makoma akulowa. Mawu amodzi akanakwana. Tsiku lina anandifunsa okha, monyoza, kuti Atelala mukuona bwanji mbande zanga. Ndinati zikukula, akapitawo.

Mukufuna ndinene kuti ndikudandaula. Za mayi wa ana atatu uja inde, ndikuwapempha abwana kuti amuitane ntchito ikangoyamba. Za achimwene anu ayi. Akanakhala pano, chinthu china chikanasowa tsiku lina, ndipo amene akanabwera pa thiraki ndi chikwama chimodzi ndikanakhala ine. Amayi anu akanadya bwinobwino tsiku limenelo. Atandipatsa matumba aja mawa ndikhoza kusanja chimodzimodzi.

Akafuna kunyamula mwana musawaletse, ndi amalume ake. Akadwala muwaphikire. Koma m'nyumba yanga asagone, ndipo zimene ndimatumiza ndi za inu ndi Kachitsa.

Adalaivala akutinso anaona mabulangete athu atayanikidwa kwa amayi anu, ndipo kwathu chitseko chinali chokhoma. Mwina munangopita kukawadwazika, sindikudziwa. Ngati mwasamuka, ndiuzeni nokha ndi dzanja lanu, ndisamvere kwa anthu a pamsewu. Ndipo kulikonse muliko, ndilembereni kuti mwana akupuma bwanji.

Ndine mwamuna wanu.